Olinda, Roja wa ku Rugare

Olinda amasoka maovololo ku Msasa. Makolo ake anathawa nkhondo ku Tete, iye anakulira kuno, ndipo kwa zaka zambiri ankakhala ndi Annet m'nyumba ya njanji imene bambo a Annet anasiya ku Rugare. Anthu ankati ndi roja, wochita lendi. Roja wanji wophika mphika umodzi, wogona chipinda chimodzi ndi mwini nyumba? Linali banja, wofuna kukwiya akwiye. Tanatswa, mwana wa Annet amene bambo ake anasowera ku Joni, anamulera awiriwo.

Annet atamwalira, sahwira wake ndinali ine. Paja kuno mnzake wapamtima wa malemu amavala zovala zake pamaliro, n'kumamutsanzira, n'kunena chilichonse popanda womutseka pakamwa. Ndinati lero amva onse. Olinda anandikokera kuseri kwa nyumba.

"Rudo, kamwa lakolo. Achimwene a Annet akangomva, mwanayu apita naye ku Norton lero lomwe."

"Ndiye uzitsuka mbale pamaliro a mkazi wako?"

"Ndizitsuka."

Anatsukadi. Abale amene sanapondeko kuchipatala ankagubuduzika pafupi ndi bokosi, pomwe Olinda, amene ankamutembenuza Annet ndi kumusambitsa mpaka tsiku lomaliza, anali pampopi ndi mapoto. Ine ndinavala diresi la malemu n'kukuwa ndi mawu ake: "Roja iwe! Madzi osamba a mwana ali kuti?" Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti.

Titaika maliro, pogawa zovala, bambo Yoramu, achimwene aja, anakhosomola n'kuyang'ana Olinda.

"Mayi inu, anthu akulankhula. Mlongo wangayu anali ndani wanu?"

Tanatswa anali pomwepo, maso ali pa Olinda.

"Ndinali roja, bambo. Mwanayu ndinangomuzolowera."

Bambo Yoramu anatembenukira kwa ine. "Sahwira sanama. Tiuze."

"Roja, bambo! Mukufuna ndikuimbireni nyimbo? Anthu a m'Rugare akasowa magetsi amayatsa miseche!"

Anaseka, mtima unawakhala pansi. Akazi awonso sankafuna pakamwa pena kunyumba kwawo. Bambowo anagamula kuti nyumba ailowetsa anthu ena, mwana atsale ndi roja m'kachipinda ka matabwa kuseri mpaka amalize sukulu, iwo akamaona kuti zikuyenda bwino. Bulangete limene awiriwo ankafunda linakwera kombi ya ku Norton. Olinda sanapatsidwe ngakhale duku.

Mwana anatsala. Anatha masabata osamulankhula Olinda, kenako tsiku lina anangomupatsira chipeso kuti amuluke tsitsi. Pano ali fomu 3, masamu amawakhoza koopsa.

Bambo Yoramu amabwera mwezi ukatha kudzaona nyumba yawo. Olinda amawagwadira, amawathirira tiyi, Tanatswa n'kuwaonetsa makope. Ine tsiku limenelo ndimakhalira kumsika dala, chifukwa ndimadzidziwa.