Magiya Amene Ndinatchunira Msuweni Wake

Anzanga, ine ndi Aleck tinakumana chifukwa cha phokoso.

Chinali chaka chatha, 2008. Ndimagwira ntchito pa shopu ya fotokope pano pa Mchinji Boma, ndipo khoma lathu ndi limodzi ndi babashopu ya a Bilali. Iwo anagula PlayStation ya kaunjika ku Chipata, anyamata n'kumasewera mpikisano wa magalimoto. Ine ndikuti ndiwerenge novel yanga, injini kulira kuseri kwa khoma tsiku lonse.

Tsiku lina ndinalowa kukadandaula. Ndinapeza Aleck, mnyamata wamtali, kondakitala wa minibasi za ku Lilongwe, atafinya padi yoyendetsera gemuyo mpaka thukuta.

"Achimwene, galimotoyo ikulira ngati mbuzi yomangidwa. Bwanji osasintha giya?"

"Asisi, magiya atha, iyi ndi faifi. Mumayendetsa inu?"

"Ngakhale njinga ndimagwa nayo."

A Bilali anaseka n'kundiponyera kabuku kobwera ndi gemuyo. "A Luwiza, inu mumawerenga ndi nyuzipepala yokulungira zitumbuwa yomwe. Tawerengani aka mutiuze."

Ndinakawerenga konse. Kankati magiya amatchunidwa. Ukawafupikitsa, galimoto imanyamuka msanga koma liwiro limathera pafupi. Ukawatalikitsa, imachedwa kunyamuka koma pa msewu woongoka imauluka. Kankatinso injini ya mu gemu imakalamba. Makilomita akachuluka oyilo amada, mphamvu imatsika. Kusintha oyilo kumabweza ina, osati yonse.

Ndinayamba kumuonerera Aleck. Pakona ankalowa mwaukali, kuchedwa kuponda buleki, potuluka galimoto n'kumakwawa. Ndinafupikitsa giya yachiwiri ndi yachitatu, yachisanu n'kuitalikitsa.

Anawina! Anadumpha mpaka kugwetsa galasi lometera.

"Iwe ndiwe makaniko wanga! Usapitenso kwina!"

Zinayamba choncho... Chipisi cha pachiwaya, Fanta imodzi, iye kundiperekeza mpaka pa mpanda wa azakhali. Ndinkamubwereka mabuku, ankangowerenga tsamba lomaliza n'kubwera kudzatsutsana nane.

Tinagula memory card yathuyathu, khadi losungira za mu gemu. M'menemo munali galimoto yoyera imene tinaipeza titawina mipikisano yovuta. Tinagwirizana kuti tiziyendetsa Loweruka lokha kuti injini isakalambe msanga.

"Iyi ndi ya anthu awiri," anatero Aleck. "Ine padi, iwe magiya. Wachitatu palibe."

Anayambanso kukamba zoti tikatha kukolola atumiza amalume ake kwathu.

Mu May mayi anga anatupa mwendo ku Mkanda, mtedza uli m'munda. Ndinapempha tchuthi kuti ndikawakumbire. Ndisananyamuke Aleck anati:

"Kwabwera msuweni wanga Caroline wa ku Chipata. Akufuna kuphunzira, koma ndi wamantha. Ungamutchunire zofewa?"

Ndinasankha kagalimoto kotchipa kabuluu. Ndinakaika pa otomatiki, magiya ataliatali oti ngakhale uponde moto mwadzidzidzi matayala saterereka. Ndinachita mosamala, anzanga. Ndinkati ndikusangalatsa mlamu.

"Koma yoyerayo asaikhudze."

"Aaa, iwenso! Ndingatero ine?"

Ndabwerako sabata yatha. Loweruka ndinafika kwa a Bilali Aleck asanaweruke, ndinapempha khadi lathu limene amatisungira m'kabati. Anazengereza, koma anandipatsa.

Galimoto yoyera inali ndi kanyali kofiira ka oyilo. Makilomita anali atachuluka ngati yapita ku Joni n'kubwerako. Nditatsegula magiya ndinapeza otomatiki, ndi manambala anga omwe aja a pa kagalimoto kabuluu, atakoperedwa osaphonya ndi imodzi yomwe.

Aleck sayendetsa otomatiki. Amati ndi ya anthu oopa kufa mu TV.

"A Bilali, yayenda ndi ndani iyi?"

Anazimitsa makina ometera. "Amabwera ndi Caroline uja tsiku lililonse. Padi imodzi, manja anayi."

"Koma ndi msuweni wake."

"A Luwiza, mabuku onse aja... Kwanu ku Mkanda asuweni sakwatirana?"

Amakwatirana. Ndinakula ndikumva asuweni akuitanana "mkazi wanga," "mwamuna wanga," anthu n'kumaseka. Ndinangoiwala kuti nthawi zina nthabwala ija imakathera kwa ankhoswe.

Aleck analowa, n'kuona zimene zinali pa TV. Anakhala pa benchi.

"Ndimafuna ndikuuze bwinobwino, Luwi. Nkhaniyi anaiyambitsa ndi amalume. Akuti Caroline ndi mwana wapakhomo, timamudziwa."

"Amalume omwe aja umati uwatume kwathu?"

Anayang'ana pansi.

"Ndiwonso anaika otomatiki pa galimoto yathu?"

"Kabuluu kaja kankamutopetsa. Analira kuti akufuna yoyera."

Nyimbo ya gemu inkangobwerezabwereza. Kenako anati:

"Sorry... Koma mawa kubwera anyamata a ku Kamwendo kudzapikisana. Magiya anga aja ndawaiwala. Ungandibwezereko?"

Mwina mukuti ndikanafufuta khadi lonse. Ndinaganizako. Koma galimotoyo sinalakwe. Ndinachotsa otomatiki, n'kufupikitsa giya yachiwiri ndi yachitatu, yachisanu n'kuitalikitsa. Ndinasintha oyilo, kanyali kofiira kanazima. Mphamvu inakwera pang'ono n'kuima, osafika pamene inali kale.

"Bwanji sikukwera?" anafunsa.

"Yatha, Aleck. Kabuku kananena."

Ndinamupatsa padi n'kutuluka.

Sindimuda Caroline, sindinamuonepo n'komwe. Chimene ndaphunzira n'chaching'ono: munthu akakupempha kuti umufewetsere njira wina, funsa kuti winayo ndi ndani kwenikweni. Ine sindinafunse.

Lero ndili pa ntchito, buku lili pamiyendo, khoma ndi lomwe lija. Injini ikalira mwaukali pakona ndimadziwa kuti ndi iye. Ikayamba kusintha magiya yokha, mofewa, osaterereka, ndimadziwa kuti wabwezeranso manambala anga a kabuluu aja, padi wampatsa msuweni uja.

Ndipo anzanga, ikuyenda bwino. Ndinatchuna ndine.