A Wezulo ndi bwalo la kuseri kwa tchalitchi

Akhristu anzanga, mwezi uno ndapempha malo m'kapepala ka parishi yathu kuti ndinene za bambo amene tonse tinkawatchula kuti a Wezulo. Ndilemba mtima ukuwawa, pakuti ndinkawakonda.

Anabadwa bwinobwino, koma akadali aang'ono matenda anawapuwalitsa mwendo wakumanzere. Mayi awo ankawabereka popita ku Misa mpaka mapazi kumakhwekhwereza pansi. Anzawo akamathamangitsana, iwo ankakhala pakhonde n'kumachemerera. Kudandaula sankakudziwa. Ankangoti, "Mulungu anandipatsa mwendo umodzi ndi pakamwa pakulu, ndiye tizigwiritsa ntchito zomwe zilipo."

Atakula anatsegula kashopu kosokeramo nsapato pafupi ndi geti la tchalitchi. Munali benchi, nyundo, chitini cha guluu ndi mtanda pakhoma. Anakwatira, koma mwana sanamuone. Akazi awo atamwalira, Misa yam'mawa sanaijombepo, kaya kugwe mvula.

M'kashopumo ndi momwe anaona chinthu chomwe ife makolo sitinachione. Tsiku lina anawonetsa anamwino a m'kwaya yathu nsapato ya mwana. "Taonani, mayi, yachepa isanathe. Kunsi kuli ngati yatsopano. Kodi ana a masiku ano amayenda m'mwamba?"

Anamwinowo sanaseke. Anawauza kuti kuchipatala akulandira ana a sukulu onenepa mopitirira, ena shuga atayamba kale kukwera. Mnofu ukamagwira ntchito, anatero, umadya shuga wa m'magazi, mtima umalimba, mwana amagona tulo tabwino. Koma akamangokhala pa foni, thupi limaiwala ntchito yake.

Loweruka lotsatira bambowa anatulukira pa bwalo la kuseri kwa tchalitchi ndi chingwe, mpira wosokasoka ndi wezulo pakhosi. Dzina lija linayambira pamenepo. Katekisimu akatha, palibe mwana ankapita kwawo asanatuluke thukuta. Ankayamba ndi pemphero, kenako phokoso lokhalokha. "Iwe, thupi limenelo unachita kubwereka kwa Mwiniwake, usalibweze ladzimbiri!" Wonenepa sankalola kuti asekedwe, ankamuyika kutsogolo kuti ena atsate liwiro lake. Nsapato zong'ambika pabwalopo ankazisoka ulere, chaka ndi chaka mpaka imvi mbuu.

Mayesero awo aakulu anabwera atakalamba. Akhristu a magalimoto tinachuluka, ndipo apampando a khonsolo ya parishi anati bwalolo lithiridwe simenti, pazikhala poimika magalimoto. Ena anafika ponena kuti wolumala angadziwe chiyani za kuthamanga. Mawu amenewa mpaka lero amandipsetsa mtima! A Wezulo anawamva. Anangoti, "Magalimoto sadwala shuga," n'kupitiriza kusoka.

Mlungu umene khonsolo imayenera kugamula, iwo anali atagona, mtima utafooka. Kumsonkhano sanathe kupita. M'malo mwawo kunapita anamwino aja, pamodzi ndi mnyamata wina wamtali amene sitinamuzindikire. Mnyamatayo anaimirira n'kunena kuti, "Ndine uja munkanditi Chibaluni. Ndili mwana, adokotala anauza mayi anga kuti ndatsala pang'ono kuyamba mankhwala a shuga. Mankhwalawo sindinayambe mpaka lero. Ndinachirira pabwalo mukufuna kuthira simentipo." Apampando anavula magalasi, kupukuta, kuvalanso, kenako anati nkhaniyo yatha, magalimoto aziima kumsewu.

Madzulo omwewo abambo mfumu anapita kukadzoza a Wezulo, ine ndikuperekeza. Tinapeza ana atadzaza pakhomo, ena akulira. A Wezulo atalandira masakramenti anafunsa ndi mawu apansipansi, "Bwalo lija?"

"Latsala, bambo," anatero abambo mfumu. "Ndi la ana."

A Wezulo anatseka maso kanthawi, akumwetulira. Kenako anatembenukira kukhomo. "Ndiye awa akudikira chiyani apa? Dzuwa likadalipo. Auzeni azipita."

Ana anayang'anizana. Anayamba kuchoka mmodzimmodzi, monyinyirika, koma pofika pageti anali akuthamanga. Tinatsegula zenera. Posakhalitsa phokoso la mpira linamveka kuchokera kuseri kwa tchalitchi, ndipo a Wezulo anatisiya mwakachetechete akulimvetsera.

Mzimu wawo uuse mumtendere. Loweruka likubwerali tikufuna wamkulu mmodzi woti akaime pabwalo paja. Ife miyendo tili nayo iwiri.