Foni M'balani ya Fodya

Foni ya akazi anga itagwera m'ndowa, adzukulu anati tiikwirire mu mpunga. Ndinawaseka. Ine woumitsa fodya m'mafamu a ku Guruve ku Zimbabwe kuyambira unyamata, ana andiphunzitse kuumitsa?

Ndinakaiika mwakachetechete m'balani, pafupi ndi paipi yamoto. Pobwerako ndinaipeza itatupa ngati chitumbuwa, mabatani atasungunuka. Munali mawu a mng'ono wa akazi angawo wa ku Dedza, amene ankawamvera akamusowa.

"Madzi aipha, amayi," ndinatero, nditaitaya kale m'chimbudzi.

"Mwayesetsa, abambo. Maita basa."

Kuthokoza kumeneko kumanditulutsabe thukuta. Mwana wathu anawagulira ina ndipo tikukhala bwino. Mayiwo sayandikiranso nayo madzi. Akamapita kukachapa amandisiyira ine, ati pakhomo pano wosamala ndine ndekha.