Tsiku Limene Bambo Anandiba

Ndikukumbukira kuti chaka chimene ndinali mu Sitandade 4 ndinkayenda dzanja lili m'thumba la kabudula. Sanali matama ayi. Ndinkagwirizira kanthu kamene kankatuluka m'mphechepeche mwanga. Ndikatsokomola kankatuluka, ndikanyamula ndowa kuchokera kumjigo kankatuluka. Ndikagona chagada n'kukakanikiza pang'onopang'ono ndi zala, kankabwerera m'mimba kakulira kuti kulululu, ine n'kudzuka kukasewera mpira. Akuluakulu ankati ndi phudzi. Anzanga a kusukulu ku Milepa, ana opanda chisoni aja, ankangonditcha kuti Katundu, ndipo ena mwa iwo mpaka lero, imvi zili mbuu, amandiitanabe choncho tikakumana pamaliro.

Bambo anga anali mkamwini. Kwawo kunali cha ku Phalombe, ndipo anabwera kudzakhala kwa amayi monga amachitira amuna onse kwathu. Ntchito yawo inali ya njerwa. Nyumba yathu anaumba okha, kuwotcha okha, kumanga okha, moti zikhatho zawo zinali zokhakhala ngati chikwanje chakale. Koma malo amene panali nyumbayo anali a amayi, munda unali wa amayi, ndipo ana awirife, ine ndi mlongo wanga Esinala, tinali a mbumba ya amalume a Bizweki. Nkhani iliyonse yaikulu yokhudza ife, kaya matenda, kaya chinamwali, inkadikira amalumewo. Iwo ankakhala ku Mikolongwe kumene anakwatira. Choseketsa n'chakuti kumeneko nawonso anali mkamwini, ndipo pa ana awo obereka okha analibe mawu.

Bambo ndi amene anayamba kupita nane kuchipatala cha pa Milepa. Adokotala atandipima ananena kuti matumbo akudutsira pa kabowo ka m'kati mwa mimba, ndipo pakufunika opaleshoni kuchipatala chachikulu kuti akatseke kabowoko. Anati ndi ntchito yaing'ono malinga chotupacho chikubwererabe, koma tsiku limene chidzakane kubwerera tisadzadikire n'komwe. Bambo anabwera ndi uthengawo kunyumba, amayi n'kuutumiza ku Mikolongwe.

Amalume anabwera Lamulungu lotsatira, atavala jekete lawo la kutchalitchi. Anamvetsera zonse, kenako anakana. Ndisawanamizire, sanali munthu woipa. Anali ndi chifukwa chawo. Mng'ono wawo, a Layisoni, amene ine sindinawaone, anadwala matenda omwewa, ndipo anamwalira atangochitidwa opaleshoni. Amalume ndi amene anakatenga mtembowo, ulusi uli pamimba. Kuyambira pamenepo, kwa iwo chimene chinapha mng'ono wawo chinali mpeni wa kuchipatala. Ndinadzamva nditakula kuti a Layisoni anawatengera kuchipatalako atagona kale masiku m'nyumba akusanza, koma tsiku limenelo panalibe anatchula zimenezo.

Bambo anayesa kulankhula. Anangoti, “Alamu, adokotala akuti zikachedwa…”

“Alamu, inu yanu ndi njerwa,” anatero amalume, osakweza mawu.

Ndinaona bambo akuyang'ana zikhatho zawo. Ine manyazi anandigwira ngati kuti wanyozedwa ndine. Madzulo ake amalume anandidulira lamba wa chubu cha njinga, n'kusokererapo kampira ka nsanza kuti kazikanikiza pachotupapo. Anasiyanso mizu yoti ndizimwa, yowawa moti ngakhale mbuzi ikanaikana. Lambayo ankanditentha n'kundisupula khungu, koma ndinamuvala miyezi ingapo.

Zinachitika nthawi yokolola nandolo, kutayamba kutentha, makoko ouma akuchita phokoso m'munda mphepo ikawomba. M'mawa umenewo ndinathandiza amayi kukweza thumba la nandolo pakhonde. Ndinamva ngati china chang'ambika. Ndinalowa m'nyumba, ndinagona chagada monga mwa masiku onse, n'kuyamba kukanikiza. Chinakana. Chinali chitalimba gwa, chikutentha, ndipo kungochikhudza ndinkaona mdima. Ndinasanza phala limene ndinadya, kenako ndinayamba kusanza zobiriwira. Mimba inayamba kufufuma.

Amayi anathamangitsa munthu wa kabaza ku Mikolongwe kuti akaitane amalume. Ndiye kudikira kunayamba. Abale, kudikira kumeneko! Amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi, anabwera ndi azimayi ena a pamudzi n'kukhala mondizungulira. Wina ankandipukuta thukuta, wina ankapemphera, wina ankati andimwetsenso mizu ija. Bambo anali panja. Ndinkawamva akupopa matayala a njinga yawo, kusiya, kenako kupopanso, chonsecho matayalawo anali odzaza kale.

Wa kabaza anabwera dzuwa litapendeka, ali yekha. Anati amalume sanawapeze, apita kumsika ndi mbuzi, koma akazi awo alonjeza kuwauza akangofika. Amayi aakulu anati basi, tidikire mawa, mwini mbumba abwere adzaone yekha.

Pamenepo bambo analowa m'nyumba. Sanapereke moni kwa aliyense, chinthu chimene anali asanachitepo. Anandinyamula pamphasa, anatuluka nane, n'kundikhazika pakaliyala ya njinga. Amayi aakulu anawatsatira n'kugwira kaliyalayo ndi manja onse awiri.

“Alamu, mwanayu mukumutengera kuti? Mwauza ndani?”

“Kuchipatala.”

“Akakafera kumeneko, mukadziwa nokha kokamuika. Kuno musadzabwere naye.”

Bambo sanakangane nawo. Anangoima, atagwira mahandulo, akudikira kuti achotse manja. Ine ndinkangogwera chammbali, mphamvu zogwira ndinalibe. Ndiye amayi anga anabwera, akulira chamumtima, anavula chitenje chimene anafunda, anachikulunga kumsana kwanga n'kuchimanga m'chiuno mwa bambo kuti ndisagwe. Mfundoyo anamanga ndi amayi, osayang'ana mkulu wawo. Ndikunena zimenezi chifukwa pambuyo pake panalibe amene anazitchulanso.

Za ulendowo ndimakumbukira fungo la malaya a bambo, la thukuta ndi utsi wa uvuni, komanso kuti mwala uliwonse wa m'njira ndinkaumva m'mimba. Pa Milepa sanatisunge. Atangondiona anatikweza galimoto ya chipatala kupita kuchipatala chachikulu. Kumeneko kunabwera dokotala wamkazi, wamfupi, wolankhula mofulumira. Anandigwira pamimba, anayang'ana bambo, n'kufunsa kuti, “Inu ndinu ndani wake?”

Bambo anacheuka kumbuyo, ngati kuti funsolo likupita kwa munthu wina amene waima kumeneko. Kunalibe munthu.

“Bambo ake,” anatero.

“Ndiye tikufuna chilolezo chanu, tilowe naye pompano.”

Anadinda chala. Aka kanali koyamba kuona munthu akufunsa bambo anga za ine n'kukhutira ndi yankho lawo, osafunsanso kuti nanga amalume ake ali kuti.

Nditatsitsimuka ndinali ndi kapaipi m'mphuno, mimba atainamatira mabandeji. Dokotala uja anafotokozera bambo kuti thumbo linapanikizika pakabowo paja, mitsempha ya magazi n'kufinyika, moti magazi anasiya kufikako ndipo chigawo china chinali chitada kale. Anachidula n'kulumikiza mbali zotsalazo. Anati tikanadikira mawa lija, kukanakhala kulankhula zina. Tsiku lina kunabweranso dokotala wachinyamata amene ankazungulira m'mawodi kufunsa makolo mafunso, pofuna kumvetsa chifukwa chimene ana a kumidzi amafikira kuchipatala zinthu zitaipa kale. Anafunsa bambo kuti anachedwa chifukwa chiyani, popeza matendawa anawadziwa kalekale. Ine ndinatchera khutu, ndimati tsopano anena zonse. Bambo anangoti kwathu n'kutali, njira ndi yoipa. Sanafune kuyalutsa akuchikazi kwa mlendo.

Amalume anabwera ndili m'chipatala momwemo, atanyamula phava la nthochi. Anandigwira pamphumi nthawi yaitali, misozi ikutsika, ndipo ndikudziwa kuti inali misozi yeniyeni. Koma bambo, amene anakhala pansi pambali pa bedi, sanawapatse moni.

Ine ndinkaganiza kuti popeza ndachira, nkhani yatha. Kupusa kwa mwana! Nditangotuluka m'chipatala amalume anaitanitsa ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Anakhala pansi pa mtengo wa mango umene bambo anabzala okha, ine ndili m'nyumba, khutu lili pazenera. Panalibe amene anatsutsa kuti ndapulumuka. Mlandu unali wakuti mkamwini waba mwana wa eni, mwini mbumba atakana kale pamaso pa anthu. Amalume anati lero wachira, chabwino, nanga akanafa? Nanga mawa mkamwini wina akadzatengera pomwepo, pamudzi pano padzakhalanso dongosolo? Ankhoswe anagamula mopepuka ndithu. Anati bambo apereke nkhuku imodzi yopepesera, avomere kuti analakwa, nkhani ithe.

Nkhuku tinali nazo zambiri. Koma bambo anga, munthu amene anakhala chete zaka zonsezo, anasankha tsiku limeneli kuuma mutu. Anati nkhuku apereka ngakhale mbuzi ngati ili yothokozera kuti mwana ali moyo, koma yopepesera ayi, chifukwa zitachitikanso akhoza kumutenganso. Anthu anayang'ana amayi. Ndinadikira kuti anene kuti chitenje chija anamanga ndi iwo. Amayi anangoweramitsa mutu, akutola timiyala pansi. Ndinawakwiyira zaka zambiri chifukwa cha zimenezi. Panopa ndimamvetsa kuti akanalankhula akanataya mlongo wawo, mkulu wawo ndi mudzi wonse, ndipo analibe kwina kopita. Koma mkwiyo uja sunathe wonse.

Bambo sanawathamangitse tsiku limodzi ayi, kwathu sachita choncho. Anangoyamba kuwasala pang'onopang'ono. Dimba limene ankalima analipereka kwa mwana wa amayi aakulu. Pamaliro ankawapatsa ntchito yokumba manda basi, pokambirana osawaitana. Akalonjera, ena ankayankhira kumbali. M'nyumba namonso mawu anachepa, ndipo usiwa wa mawuwo ndinkaumva ngakhale pa nthawi ya chakudya. Mvula yoyamba itagwa, bambo anamangirira khasu, chikombole cha njerwa ndi kathumba ka zovala pakaliyala yomwe ija. Anati akukaona abale ku Phalombe. Anandiuza kuti ndisamanyamule zolemera mpaka pachilondapo patalimba. Ndinawaperekeza mpaka pamjigo, iwo n'kundibweza.

Ndinkapita kukawaona patchuthi. Nthawi iliyonse, ngakhale nditamera ndevu, chinthu choyamba chinali kundiuza kuti ndikweze malaya aone chipsera. Ankachiyang'ana, n'kugwedeza mutu, kenako n'kufunsa za amayi ndi za mitengo yawo ya mango. Tsiku lina ndinawafunsa ngati nkhuku imodzi inali yokanira mpaka kutaya banja. Anaseka pang'ono n'kunena kuti mwina ayi, koma pakamwa pawo panakana kunena kuti kundipulumutsa kunali kulakwa. Anamwalira komweko, ndipo tinawaika kwawo.

Amalume nawonso anapita. Ndinawasamalira pa matenda awo omaliza, ndipo sindinawasungire chidani, chifukwa ndinazindikira kuti ankandikonda ndithu, kungoti ankandikonda ndi mantha a munthu amene ananyamulapo mtembo. Iwo atapita, umwini wa mbumba unagwera ine. Inde, Katundu yemwe uja.

Chaka chatha, masana ndili kuntchito ku Limbe, foni inalira. Anali alamu anga, amuna a Esinala. Anati mwana wawo wamng'ono watupa pamchombo, palimba, akusanza, ndipo kuchipatala cha pa Milepa awauza kuti apite naye kuchipatala chachikulu. Ndinawafunsa kuti ali pati tsopano. Anati abwerera kunyumba, akudikira mawu anga.

Ndinamva fungo la chubu cha njinga ngati lambayo ndamuvalanso.

“Alamu, kuchipatalako akakufunsani kuti ndinu ndani wake wa mwanayo, mukayankha chiyani?”

“Bambo ake.”

“Ndiye mukudikira chiyani? Nyamukani!”

Mwanayo anachira, akuthamanga. Nditapita kumudzi ndinasonkhanitsa mbumba yonse pansi pa mango aja n'kuwauza kuti za ukwati, za malo, za maliro, azindifunsa monga mwa mwambo, sindikuutaya ayi. Koma mwana akadwala, amene ali naye pafupi amunyamule, ine adzandiuze ali kale m'njira. Ena anang'ung'udza kuti ndikupereka mudzi kwa akamwini. Ndinawasiya ang'ung'udze.

Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti mwambo uja anauika kuti mwana asasowe womuyang'anira, ndipo tsiku limene lija unatsala pang'ono kundipha ndili pakati pa anthu ondikonda okhaokha. Esinala akukhala m'nyumba ija mpaka lero. Njerwa zake sizinang'aluke, ndipo pa zina mumaoneka zala za bambo pamene ankazigwira zili zaziwisi. Ine ndikapita ndimagona m'chipinda chomwe ndinkasanziramo zobiriwira. Mwini wake woimanga sanagonemonso kuyambira mvula ija, ndipo chifukwa chake chili pamimba pangapa.