Lazanya ya pa Mbaula

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, giredi sikisi, pamene ndinapatsidwa udindo waukulu kuposa wina uliwonse umene ndakhalapo nawo mpaka lero: kuwerengera amayi anga buku la zophikaphika. Panalibe wopikisana nane. M'chipinda chathu cha lendi ku Bauleni tinalimo atatu, amayi, ine, ndi mlongo wanga Tisa amene nthawi imeneyo mabuku ankawawerenga ndi lilime. Atate anali atapita ku Solwezi kukafuna ntchito ya mu mgodi, ndipo malinga ndi mauthenga amene tinkalandira, anali akufunabe.

Amayi ankagwira ntchito m'nyumba ina ya anthu andalama ku Kabulonga: kuchapa, kusita, kukolopa, ndi kuphika zakudya zimene munthu aliyense woleredwa bwino amadziwa. Eni nyumba akale atasamuka munalowa banja lina, anthu a kuno komwe koma okhalitsa kunja, ndipo anawapeza amayi mmenemo monga umapezera mtengo wa mango pabwalo, sunaubzale ndiwe, ndipo sunaganize ngati uusiye kapena uudule. Lachiwiri lina ba Madamu atsopanowo anati Loweruka kubwera alendo, anzawo a kuntchito, ndipo akufuna lazanya, chakudya cha ku Italy. Anawonjezera, mwaulemu ndithu, kuti ngati amayi sadziwa anene msanga, chifukwa pali mtsikana wina wophunzira zophika kusukulu amene akufuna malo.

Amayi anati amadziwa. Anati ayiphikapo kangapo, angofuna kudzikumbutsa pang'ono.

Madzulo a tsikulo anafika ndi buku lolemera ngati njerwa ziwiri, ndi timapepala touma tachikasu tokulunga m'nsalu, tothyokathyoka, timene anapempha kuti akapatse ana. Timapepalato ndiye tinali lazanyayo isanaphikidwe. Amayi sukulu anaisiyira giredi thuu, kumudzi ku Katete. Anaika bukulo pamiyendo panga nati, "Iwe Yotamu, sakila iyo lazanya. Uniuze vonse, usasiye kanthu. Ngati nalephela Saturday, tizadya buku yamene iyi."

Ine ndinatsegula, ndipo ndinaiwala kuti ndinatumidwa. Munali dziko lonse mmenemo. Pitsa ya ku Italy, yotambalala ngati chivundikiro cha dramu. Biriyani ya Amwenye, mpunga wa mitundu itatu m'mbale imodzi. Jolofu wa ku Nigeria wofiira ngati dothi la m'mphepete mwa msewu. Sushi ya ku Japan, nsomba yaiwisi pa mpunga, imene ndinaiyang'ana nthawi yaitali ndi kuzindikira, mwachisoni, kuti kumeneko malasha ndi ovuta kupeza. Tsiku lotsatira pamzere wa madzi pa kiyosiki ndinali kale mphunzitsi. Ndinafotokozera anzanga kuti anthu a ku Mexico amadya atapendeketsa mutu, kuti ku China munthu wogwira supuni amamangidwa, ndiponso kuti ine Loweruka ndidya chakudya chimene m'Bauleni monse palibe anachinunkhizapo. Mnzanga wina anafunsa kuti chimakoma bwanji. Ndinati kufotokozera munthu amene sanayendepo n'kovuta. Ine mwini kutali kumene ndinali nditafikako kunali ku Soweto Market.

Tsamba la lazanya ndinaliwerenga mothamanga, Lachitatu madzulo, amayi ataimirira pamutu panga. Masiku amenewo sankakhala pansi. Anasesa chipinda kawiri, anatsuka mbale zotsuka kale, anamukalipira Tisa chifukwa chopuma mokweza. Chiyambi cha tsambalo chinandiyendera bwino: nyama yogaya, anyezi, matimati, mchere. Kenako ndinakumana ndi mawu ena onena za moto amene sindinawaonepo chibadwire. Ndinakweza maso. Amayi anali akundiyang'ana ngati mmene anthu amayang'anira dokotala akatuluka m'chipinda. Ine ndiye ndinali mwana wotenga nambala wanu m'Chizungu, amene amayi ankamutchula kutchalitchi popanda wofunsa. Ndinatsokomola pang'ono, ndi kunena kuti buku likuti mukazinge nyamayo mpaka iume gwa.

Pakati pa tsamba panali ndime ina yaitali, pamwamba pake pali liwu lachilendo lokhala ndi kanzere kopendama ngati nsidze ya munthu wokayikira. Silinali Chizungu chimene tinkaphunzira ife. Ndinagamula kuti limeneli ndi dzina la mzungu amene anayambitsa chakudyachi, ndipo ndime yonseyo ndi mbiri ya moyo wake. Mbiri sitidya. Ndinailumpha osaponda n'komwe. Amayi ataloza pachithunzi ndi kufunsa za choyera chija chotuluka pakati pa timapepala, ndinayankha mosachedwa kuti ndi mazira. Sindikudziwa kumene ndinawatenga mazirawo. Anangobwera, ndipo ndinawalandira.

Lachinayi amayi anaweruka msanga, anadzera kumsika, nagula nyama yogaya imene inalowa m'malo mwa ndiwo za masiku atatu. Uvuni tinalibe, koma zimenezo sizinawavutitse: anaika poto pa mbaula, malasha ena oyaka pamwamba pa chivundikiro, monga amachitira pophika chikondamoyo. Ine ndinaimirira pambali, buku m'manja, kulamula. Nyama youma pansi, timapepala touma pamwamba, dzira, nyama inanso, timapepala tinanso. Fungo linali labwino, zimenezo ndiyenera kudziteteza nazo. Linaitana bana Mwansa, neba wathu wa khomo loyang'anana, mayi wa ku Kasama amene sankaphonya maliro, ukwati kapena poto wachilendo.

Titavundukula, zinaoneka ngati denga la nyumba imene yapsa. Mpeni unakana. Amayi anathyola ndi manja, ndipo kulira kwake kunamveka mpaka kuchimbudzi. Bana Mwansa analandira kachidutswa, anakaika kumano a kumbuyo, nayesa kawiri. Kenako anakatulutsa, nakayang'ana mbali zonse.

"Ba neba," anatero, "ivi ni vakudya, olo ba Madamu banu bafuna kumanga?"

Palibe anaseka, kupatula Tisa amene ankaseka chilichonse. Amayi anapukuta manja pachitenje, pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi. Anatenga bukulo m'manja mwanga, nayang'ana tsambalo kuchokera pamwamba mpaka pansi. Kuwerenga sankadziwa, koma kuyeza ankadziwa. Anaika chikhato pandime yaitali ija nafunsa kuti apa ndinati pakuti chiyani. Ndinati ndi mbiri. Anafunsa kuti mbiri ya ndani. Ndinati ya mwini wake wa lazanya, amene anamwalira kalekale.

"Belenga mu Chizungu mwamene," anatero. "Usanimasulile. Ika chala, ubelenge chabe."

Ndinaika chala. Dzina lija ndinalimeza, ndi kulowa m'mbiri ya malemu. Malemuwo, zinaoneka, moyo wawo wonse unali batala, fulawa ndi mkaka. Ndinkatchula mawu ngati munthu wowoloka ngalande pamiyala, koma amayi anayamba kugwedeza mutu. Zaka zonse zimene anakhala m'makhitchini a anthu, mawu amenewa anali atawamva akukuwidwa kuchokera kuchipinda chochezera, ndipo ankawadziwa ndi khutu kuposa mmene ine ndinkawadziwira ndi maso. Ngakhale mawu a moto aja anawazindikira: sanali kukazinga ayi, anali kusiya nyama ibwate pang'onopang'ono mu msuzi wake. Nditafika ponena kuti utakase mpaka zilimbe, anandiimitsa.

"Ni phala iyi," anatero, osati kwa ine, kwa bana Mwansa. "Phala ya fulawa na mkaka. Ndiye yamene ifewesa tumapepa. Ine nakhala nipika phala kuyambila nikalibe mabele."

Kenako anatembenukira kwa ine, nafunsa ngati ndinkadziwa kapena sindinkadziwa. Ndinati sindinkadziwa. Anafunsa chimene chinandigwira pakamwa kuti ndisanene Lachitatu, nyama isanagulidwe. Apa ndiyenera kuulula kuti yankho ndinali nalo, labwino kwambiri. Ndinafuna kukumbutsa bwalo kuti m'banja mwathu sindinali ine woyamba sabata imeneyo kunena kuti ndimadziwa. Koma mthiko unali pafupi ndi dzanja lawo. Amayi anayang'ana m'poto, ndipo ndikukhulupirira kuti yankho langalo analimva ngakhale sindinalitulutse.

Sanandimenye. Chigamulo chinali chakuti chakudya sichitayidwa, ndipo popeza ndine ndinachilemba, ndine ndichidye. Iwo ndi Tisa anadya kwa bana Mwansa. Ine ndinadya lazanya Lachinayi madzulo, Lachisanu mmawa ndi tiyi, Lachisanu masana nditainyika m'madzi. Ndikhoza kunena mosanama kuti pa anthu onse a msinkhu wanga m'Bauleni, ndine ndinayamba kudwala chifukwa cha chakudya cha ku Italy.

Timapepala toyeserera tinali titatha, nyama inanso panalibe. Lachisanu amayi anapita ndi bukulo ndipo anabwera opanda. Nditafunsa mmene kwayendera, anati ndisamale mano. Loweruka anadzuka, navala diresi la kutchalitchi pansi pa chitenje, natuluka.

Sindinathe kukhala m'nyumba. Ndinapita kukatunga madzi amene tinali nawo kale. Anzanga a pa kiyosiki anafunsa ngati chakudya chija chafika, ndinati chikadali pa kasitomu, kumalire a dziko. Kenako ndinakakhala pa sitesheni ya maminibasi, pamwala pafupi ndi mayi wogulitsa chinangwa chootcha. Nzeru zanga zinali zotere: akatsika dzuwa lisanafike pamutu, ntchito yatha, tibwerera ku Katete kumene ndinali ndisanafikeko, kukaweta mbuzi za anthu. Minibasi iliyonse ikaima ndinkayang'ana mapazi a otsika ndisanayang'ane nkhope, kufuna nsapato zawo za pulasitiki zobiriwira. Ndinaimirira, ndinakhala, ndinayenda mpaka pa tchalitchi ndi kubwerera, kuopa kuti atsika ine kulibe. Kondakitala wina anandifunsa ngati ndikukwera kapena ndikuwerengera boma magalimoto. Masana anadutsa. Ndiye ndinayamba kuopa zina: kuti alendo adya, adwala monga ine, ndipo amayi ali ku polisi.

Anatsika dzuwa litapendeka, atanyamula chikontena cha ayisikilimu. Anandiona, sanadabwe, anandipatsa kuti ndinyamule. Chinali chofunda.

Nkhani sanandiuze ine, anauza bana Mwansa, ine ndikumvera pakhomo. Lachisanu mmawa, asanagwire tsache, anapita kwa ba Madamu nanena zonse: kuti lazanya sanaiphikepo m'moyo wawo kupatula dzulo lake, ndipo ya dzulo lakeyo mwana wawo akuitafunabe. Ba Madamu anatenga foni, anaiyang'ana, anaiika pansi. Anati zikanatulukira Loweruka alendo ali pampando, bwenzi atasiyana tsiku lomwelo. Kenako anaulula kuti nawonso sanaiphikepo. Zaka zonse za kunja ankaigula yopangiratu m'sitolo, kungoitenthetsa, ndipo bukulo linali mphatso ya paukwati imene inatsegulidwa koyamba ndi ine. Koma kuntchito anali atauza kale anzawo kuti abwere adzalawe lazanya ya kunyumba kwawo. Choncho Loweruka ba Madamu ndiwo anaimirira pambali, buku m'manja, chala pamzere, amayi akutakasa phala lawo.

Bana Mwansa anafunsa ngati ntchito ilipo. Amayi anati Lolemba apitanso, ndipo sabata yamawa akuti biriyani.

Tinatsegula chikontenacho tonse anayi. Inali yofewa, yamafuta, m'mbali mopserera pang'ono. Supuni inalowa yokha. Ndinatafuna mosamala chifukwa nkhama zinali zikadali zilonda, ndipo ndinafunsa amayi ngati umu ndi mmene imayenera kukomera.

"Siniziba," anatero. "Balendo banasiliza."

Lero ndikayang'ana m'mbuyo, chimene chimandisowetsa mtendere si bodzalo, ana amanama. Ndi nkhope ija ya Lachitatu. Munthu wosawerenga akakupatsa pepala, wakupatsa zonse, alibe pena pokafunsa, ndipo chimene wanena iwe ndicho chimene pepalalo lanena. Amayi anaika ntchito yawo pakamwa pa mwana amene ankaopa kutsika pa nambala wanu m'chipinda cha anthu atatu. Iwo mawu akuti sindidziwa anawanena mochedwa, koma anawanena likadalipo tsiku limodzi, ali chiimire pamaso pa munthu wogwira foni. Ine phunzirolo ndinalimvetsa bwino lomwe, ndipo ndikhoza kuliphunzitsa. Kuligwiritsa ntchito ndiye kunandivuta: ku koleji ndinakhala zaka ziwiri pampando wa kutsogolo ndikugwedeza mutu, aphunzitsi akafunsa ngati tamva ndinkayankha mokweza kuposa onse, mpaka mayeso anavundukula poto. Nditafika kunyumba ndi chikwama changa, amayi anangofunsa kuti ndinadziwa liti kuti zikundivuta. Ndinati chaka choyamba, mwezi wachiwiri. Anasuntha pabenchi kuti ndikhale.