Ndagwadira kholo mu ofesi ya adiretori

Mwaswera bwanji nonse. Lero ndinapita kusukulu ya ku Chiuta kukaonekera kwa adiretori, mkulu wa sukuluyo, poti Lolemba ndikuyamba esitajiyo, kuphunzira ntchito pompo kuti nane ndidzayendetse sukulu.

Iwo akuti, "Tiyeseretu. Panjapo pali kholo, ana ake akujomba chifukwa chowedza. Mulidzudzule."

Chitseko kutseguka, kholo lake ndi amalume anga, a Saidi! Omwe aja anandinyamula pamapewa ndili mwana pobwerera kuchokera ku Malawi.

Miyendo yanga sinandifunse. Ndangozindikira ndagwada, siketi yatsopano ili m'fumbi, ndikuti, "Pepani amalume, anawo azibwerako kusukulu." Adiretori alemba kenakake m'kope mwawo, osaseka n'komwe.

Adiretori awauza amalume abwerenso Lolemba. Ndiye abale, ndikawadzudzule nditakhala pampando kapena nditagwada? Amalume, ndikudziwa mukuwerenga. Inu musayankhe, ingotumizani anawo.