Bodza la pa Chulu

Masiku amenewo foni za intaneti zinali zitangofika kumene, ndipo tinali ndi kagulu kathu kosewera drafuti pa foni. Ine ndinkasewerera pa chulu cha kuseri kwa nyumba yathu ku Nchema, poti netiweki inkagwira pokhapo. Ndikamagonjetsa munthu wa ku Mzuzu, mboni zanga zinali mbuzi.

Gululo ankaliyendetsa a Namakhwa, aphunzitsi a ku Mbulumbuzi. Ankakonza mipikisano, kuweruza okangana, kupepesa otukwanidwa, zonsezo mwaulere. Tsiku lina anandilembera kuti, "Achimwene, ine ndatopa, ngakhale mayi a kunyumba akudandaula. Tandilandirani udindowu."

Ndinawayankha msangamsanga: "Pepani aphunzitsi, kuno netiweki kulibiretu." Ndinali pa chulu pomwepo, timizere ta netiweki titadzaza tonse, ndipo uthengawo unapita osachedwa n'komwe. Iwo anangoti, "Chabwino, ndamva."

Palibe amene anautenga udindowo. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, kagulu kaja n'kuzimiratu. Mpaka lero ndimakasowa.

Chaka chatha ndinakumana nawo pa Mbulumbuzi akukankha njinga. Anandigwira dzanja akumwetulira, nati, "Kaya netiweki ija inafika kwanu, achimwene?"

Ndinangoyang'ana tayala la njinga yawo.